Lisbon kupita ku Madeira: kodi ndingabwerere Lamulungu n'kukafika pa shifiti ya Lolemba?

Make Tadala: Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera kudzapempha nzeru. Mnzanga wa kuntchito kuno ku London, mtsikana wa ku Madeira, chilumba cha dziko la Portugal, yemwe takhala naye wodi imodzi zaka zinayi, akumanga ukwati kwawo Loweruka lina mu Julayi, ndipo wandiitana. Munthu ameneyu ndi amene anandigwira dzanja nditangofika kumene, ndiye kukana sindingathe. Ndikuganiza zoyamba ndadzera ku Lisbon kukaona msuweni wanga amene ali pasukulu kumeneko, kenako Lachisanu ndikwere ndege ya ku Funchal, mzinda waukulu wa ku Madeira.

Mafunso anga ndi awiri. Pa intaneti akuti mtunda wake ndi makilomita 965, ndipo pena alemba kuti ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi 10. Koma patikiti pakuoneka ola limodzi ndi mphindi 45. Zoona ndi ziti? Lachiwiri ndi lomwe likundisowetsa tulo. Ndikufuna kunyamuka ku Funchal Lamulungu madzulo, ndikatsika ku Lisbon ndidikire maola awiri n'kukwera ya ku London, chifukwa Lolemba 7 koloko m'mawa ndili pa shifiti. Matikiti akewo ndi a makampani awiri osiyana, ndi mmene mtengo ukutsikira. Zingatheke?

Wa ku Angónia: Tili bwino achemwali, kaya inu. Ine ndimakhala ku Lisbon konkuno, ku Madeira ndapitako kanayi. Manambala onse awiriwo sakunama, kungoti akuwerengera zosiyana. Amene analemba ola ndi mphindi 10 anangotenga makilomita 965 n'kugawa ndi liwiro lomwe ndege imathamanga ikakhazikika m'mwamba, cha m'ma 830 pa ola. Koma ndege siyamba ndi liwiro limenelo. Imachoka pamene yaima, kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamsewu wonyamukira, kudikira zinzake zinyamuke, kukwera, ndiye pofika imatsika mofatsa. Kampani imawerenga kuchokera pomwe ndege yayamba kusuntha mpaka pomwe yakaima kwinako. Inu gwirani za patikitizo. M'mwamba mwenimweni mumakhala pafupifupi ola ndi theka.

Bambo a Chisomo: Ine ndinaona 600, osati 965. Kapena ndi Madeira wina?

Wa ku Angónia: Ndi yemweyo abambo. 600 ndi mamailosi, omwe a ku Britain amakonda. Oyendetsa ndege ali ndi awonso, mamailosi a panyanja, ndipo kwa iwo ndi cha m'ma 520. Mtunda ndi umodzi, miyezo ndi itatu. Kuti muuone bwino m'maso, dziko la Malawi kuchokera kumwera kwenikweni kukafika kumpoto kwenikweni ndi pafupifupi makilomita 900. Ndiye ulendowu uli ngati kudumpha Malawi yense m'litali n'kupitirirako pang'ono, koma pansi panu pali madzi okhaokha.

Nabanda: Asisi Make Tadala, funso loyambalo lathetsedwa. Ine ndiyankhe lachiwiri, ndipo ndikuyankhani ngati mbale wanu: musatero. Ndikufotokozereni zomwe zinandionekera ine.

Chaka china mu Ogasiti tinanyamuka ku Lisbon masana, ine ndi bambo a kunyumba ndi mwana. Kunja kunali kowala bwinobwino, popanda ndi kamtambo komwe. Titayandikira chilumbacho tinayamba kuona nyumba zoyera m'mapiri, ndege n'kutsika, n'kutsika, mpaka ndinkatha kuona magalimoto mumsewu. Mwadzidzidzi injini zinalira mwamphamvu ndipo tinakweranso. Woyendetsa anatiuza modekha kuti mphepo yapyola malire omwe amaloledwa kutera nawo, tizungulira kaye. Tinazungulira nthawi ndithu, anayesanso kachiwiri, zinakanika. Mapeto ake anakatitsitsa ku Porto Santo, kachilumba kena komwe kali pafupi, makilomita osafika 50. Tinakhala m'ndege momwemo kudikira kuti mphepo ileke. Siinaleke. Anathira mafuta n'kutibweza ku Lisbon usiku. Ku Funchal tinakafika tsiku lachitatu, chifukwa ndege zonse za mawa lake zinali zodzaza ndi anzathu ena obwezedwa ngati ife.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Ndege ikalephera kutera ku Madeira, ndiye kuti yoti ikunyamuleni inu pobwerera palibenso, popeza ndi yomweyo imene imatsitsa anthu n'kutenga ena. Inu muzakhala muli pabwalo ndi chikwama chanu, ndege yanu ili ku Lisbon kapena ku zilumba za Canary. Ya ku London ija sidzakudikirani.

Make Tadala: Mayo ine. Mu Ogasiti? Ine ndimaganiza kuti zamphepozo ndi za nyengo yozizira, n'chifukwa chake sindinazilabadire.

Nabanda: Ifenso tinkaganiza choncho. Kumeneko mphepo ilibe mwezi wake. Mu Julayi ndi Ogasiti imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ikagunda mapiri imagwera pabwalopo mosokonekera, uku ikankha uku ikoka. M'tauni ya Funchal anthu amakhala akusambira, osadziwa n'komwe kuti ku Santa Cruz, komwe kuli bwalolo, ndege zikubwerera.

Mjomba Che Jafali: Koma tisamuopseze mwanayu mopitirira. Ine ndinagwira ntchito m'mahotela a pachilumba cha Jersey zaka zambiri, komwe kuli anthu a ku Madeira ambirimbiri, ndipo ndawaperekeza kwawo kasanu ndi kawiri. Sindinabwezedwepo ngakhale kamodzi. Ndege zambiri zimatera bwinobwino tsiku ndi tsiku. Nkhani za obwezedwa zimamveka kwambiri chifukwa wotera bwino sanena kanthu, amangotenga chikwama n'kumapita.

Nabanda: Zoona ankolo, sindikukana. Nanenso ndinapitakonso kawiri pambuyo pake, popanda vuto lililonse. Koma inu munkapita kutchuthi. Asisiwa ali ndi odwala owadikira Lolemba 7 koloko, ndipo kuntchito za unamwino mukudziwa mmene amaonera munthu wosabwera pa shifiti.

Mjomba Che Jafali: Pamenepo ndagonja. Ine ndimangofuna asaleke ulendo chifukwa cha mantha. Wa Lamulungu usikuwo ngakhale ine sindingaugule.

Wa ku Angónia: Ndionjezepo pa maola awiri aja, chifukwa ngakhale mphepo itakhala bata, ndi ochepa. Bwalo la ku Lisbon, la Humberto Delgado, lili ndi nyumba ziwiri. Ofika onse amatulukira ku Terminal 1. Koma ndege zambiri zotsika mtengo zimanyamukira ku Terminal 2, ndipo kumeneko mumapita pa basi ya pabwalo pomwepo. Popeza matikiti anu ndi osiyana, chikwama sachipititsa okha. Muyenera kuchidikira, kuchitenga, kutuluka, kukwera basi, kuchiperekanso, kusechedwa kachiwiri. Kenako pali mzere wa mapasipoti, chifukwa popita ku London ndiye kuti mukutuluka m'dera la Schengen (gulu la maiko a ku Ulaya omwe anthu amayenda pakati pawo osaonetsa pasipoti pamalire), ndipo mu Julayi mzere umenewo umatalika. Ndege ya ku Funchal ikangochedwa ndi mphindi 40 zokha, mwatsala.

Bambo a Chisomo: Nanga si pali lamulo la ku Ulaya loti ndege ikachedwa amakulipira? Mlamu wanga anapatsidwapo ndalama.

Mphunzitsi wa ku Dublin: Lilipo, anthu amalitchula kuti EU261, ndi la mu 2004. Pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, ngati uwu wa Lisbon ndi Funchal, chipukuta misozi chake ndi mayuro 250 mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa. Koma pali pokhotera. Ngati chachedwetsa ndege ndi nyengo, ndalama imeneyo sapereka, chifukwa mphepo si mlandu wa kampani. Chomwe amakakamizidwa kuchita ndi kukudyetsani, kukupezerani pogona ngati mwagonera, ndi kukuikani pa ndege ina kapena kukubwezerani ndalama ya tikiti.

Apa ndi pomwe matikiti awiri amapweteka. Kampani ya ku Funchal udindo wake uthera ku Lisbon. Ya ku London ingoona kuti simunabwere, tikiti yapsa, mugule ina pamtengo wa tsiku lomwelo. Mukagula ulendo wonse pa tikiti imodzi, iwo ndi amene amavutika kukupezerani malo mpaka mukafike ku London. Ndalama yomwe mukuona ngati mwapulumutsayo ndi yochepa poyerekeza ndi tikiti yogula muli pabwalo usiku.

Achimwene a ku Joni: Moni kwanuko a ku Ulaya. Ine ku Madeira sindinafikeko, koma nkhaniyi yandikhudza. Kuno ku Johannesburg anthu a ku Madeira alipo ambiri, makamaka m'mashopu a zipatso ndi ndiwo zamasamba ndi ogulitsa nsomba ndi tchipisi. Ine ndinagwira kwa mkulu wina wa kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi. Akamapita kwawo ankadzera ku Lisbon, ndipo nthawi zonse ankasiya tsiku lathunthu pakati asanakwere yaitali yobwerera kuno. Ankati kanthawi kochepa ka pakati pa Lisbon ndi kwawo ndi komwe kamalamula ulendo wonse. Ankatiuzanso za ngozi ya mu 1977, mmene ndege ya TAP, kampani ya ndege ya ku Portugal, inapitirira msewu woterapo kukugwa mvula n'kugwera kumunsi kugombe. Anthu 131 anamwalira. Mkuluyo ankati pachilumba chonse panalibe amene sanakhudzidwe.

Nabanda: Achimwene, munthu akukonzekera kukwera ndege inu mukumuuza za ngozi?

Achimwene a ku Joni: Pepani achemwali, cholinga changa sichinali chimenecho. Ndimafuna ndifike poti bwalo la lero si lomwe lija.

Mphunzitsi wa ku Dublin: Asiyeni amalize, mfundo yawo ndi yabwino ndipo imachotsa mantha. Bwaloli linatsegulidwa mu 1964 ndi msewu wa mamita 1,600 okha, mbali ina phiri, mbali ina nyanja. Ngozi ija itachitika anautalikitsa pang'ono, kenako mu 2000 anamaliza ntchito yaikulu yomwe inaufikitsa pa mamita 2,781. Popeza malo athyathyathya kulibe, gawo latsopanolo analimanga m'malere pamwamba pa nsanamira za konkire 180. Mukamachoka pabwalo kulowera kum'mawa, msewu wa magalimoto umadutsa kunsi kwake, ndege zikutera pamutu panu. Kuonjezera apo, si kaputeni aliyense amene amaloledwa kutera kumeneko, amayamba waphunzitsidwa mwapadera za bwalo limeneli. Ndipo malire a mphepo aja ndi lamulo, woyendetsa sangawanyalanyaze ngakhale atadzidalira bwanji. Zomwe zinawachitikira a Nabanda, kukweranso kuja ndi kubwezedwa kuja, ndi chitetezo chimenecho chikugwira ntchito. Chimene mphepo ya ku Madeira ingakulandeni masiku ano ndi nthawi yanu ndi ndalama zanu.

Make Tadala: Zikomo aphunzitsi, mtima wakhalako pansi. Achimwene a ku Joni musadandaule, ndamva chomwe mumatanthauza. Nanga ndege ikakanika, palibe sitima yapamadzi yoti munthu n'kukwera kubwerera ku Lisbon?

Wa ku Angónia: Palibe yoti muidalire achemwali. Zimene mudzaone padoko la Funchal ndi zikuluzikulu za alendo oyenda mozungulira maiko, ndi za katundu. Yonyamula anthu nthawi zonse ndi Lobo Marinho, koma imangoyenda pakati pa Funchal ndi Porto Santo, ulendo wa maola awiri ndi theka. Kuchoka pachilumbacho kupita kumtunda, khomo ndi bwalo la ndege basi.

Agogo a ku Nkhata Bay: Ana inu, nkhani yanuyi ikundikumbutsa Likoma. Ife tinakulira pa Ilala. Munthu wopita kuchilumba sankalonjeza tsiku lobwerera motsimikiza, ankati ndibwera ndi sitima ya sabata ino mwera ukalola. Mwera ukauka mu Juni ndi Julayi, ngakhale mabwato a asodzi ankagona kumtunda. Ndikuona kuti kumeneko n'chimodzimodzi, kungoti mwera wake ukuvutitsa ndege. Mdzukulu wanga, pempha Lolembalo kuntchito, upite ukavine ukwati ndi mtima umodzi.

Make Tadala: Ndamva agogo, zikomo kwambiri.

Kamnyamata ka ku Porto: Ine ndasokonezeka pang'ono akuluakulu. Chaka chatha ndinakwera ndege ku Lisbon kupita kuchilumba, patikiti inaoneka ngati ola limodzi ndi mphindi zosakwana 30 popita, koma pobwera maola oposa atatu. Ndiye mwati ola ndi 45 bwanji?

Wa ku Angónia: Unatera bwalo lanji, mng'ono wanga?

Kamnyamata ka ku Porto: Ponta Delgada.

Wa ku Angónia: Kumeneko ndi ku Açores, pachilumba cha São Miguel, si Madeira. N'kutali kuposa, makilomita pafupifupi 1,450 kulowera kumadzulo, ulendo wa maola awiri ndi mphindi makumi awiri ndi kanthu. Chinakusokoneza ndi wotchi. Ku Açores ali m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Lisbon, ndipo tikiti imalemba nthawi ya pamalo pomwe ndege ikunyamukira ndi ya pomwe ikutera. Ndiye popita limaoneka ngati ola lachotsedwa, pobwera ngati laonjezedwa. Ku Madeira zimenezo kulibe. Funchal, Lisbon ndi London wotchi yawo ndi imodzi chaka chonse. Achemwali mukamaimbira kumudzi mu Julayi, ku Malawi adzakhala patsogolo ndi ola limodzi, monga mmene zilili muli ku London.

Mphunzitsi wa ku Dublin: Chinthu china chomwe sitinafunse. Make Tadala, mukuyendera pasipoti iti?

Make Tadala: Ya Malawi. Ku UK ndili ndi chilolezo cha ntchito.

Mphunzitsi wa ku Dublin: Ndiye yambani za viza musanalipire china chilichonse chosabwezedwa. Chilolezo cha ku UK sichikulowetsani ku Portugal. Mufunika viza ya Schengen, ndipo Madeira, ngakhale ili pafupi ndi gombe la Morocco kuposa Lisbon, ndi gawo la Portugal, viza yake ndi yomweyo. Mtengo wake ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, kupatula ya ofesi yolandira mafomu. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limatenga masiku 15 zikayenda bwino, koma chovuta nyengo yotentha ndi kupeza tsiku lokapereka mafomu.

Ndipo mverani ichi, chikugwirizana ndi nkhani ya mphepo ija. Polemba masiku a ulendo ndi pogula inshuwalansi, musalekeze ndendende pa tsiku lobwerera. Nthawi zina amapereka viza ya masiku okhawo omwe mwapempha. Mphepo ikakusungani pachilumba masiku awiri, simukufuna kuti nkhawa ya viza ionjezekere pa nkhawa ya shifiti.

Nabanda: Zimenezo n'zoona. Pomwe tinabwezedwa paja panali mayi wina wa ku West Africa yemwe viza yake inkatha mawa lake. Analira pabwalo pomwepo, ife kusowa chomuthandiza.

Mjomba Che Jafali: Koma bwanji ukufuna kubwerera kudzera ku Lisbon? Msuweni wakoyo udzakhala utamuona kale popita. Kuchokera ku Funchal zilipo ndege zolunjika ku London, makamaka ku Gatwick, ulendo wa maola osakwana anayi. Kudzera ku Lisbon ndi ola ndi 45, kuphatikiza kudikira, kuphatikiza maola ena pafupifupi atatu a ku London. Tsiku lonse lathera m'njira. Yolunjikayo ukwera kamodzi, pasipoti uonetsa ku Funchal komweko, ndipo ikachedwa yachedwa imodzi yomweyo, palibe ina yoti uiphonye.

Make Tadala: Ankolo, chifukwa chake chinali chikwama. Ndimafuna kusiya chachikulu kwa msuweni wanga kuti ku Madeira ndipite ndi kam'manja kokha, ndiye iye adzandibweretsere pabwalo Lamulungu.

Wa ku Angónia: Lipirani chikwamacho chipite nanu. Ndalama yake siingafanane ndi zomwe mukuika pachiswe. Ndipo popita, Lachisanulo ndi lothina nalonso. Ukwati uli Loweruka. Mukabwezedwa Lachisanu, mwina mudzafika anthu atadya kale keke. Nyamukani Lachinayi, ndipo sankhani ya m'mawa kuti ikakanika pakhale zina za tsiku lomwelo zoti akuikenipo. Ku Lisbon kwerani sitima yapansi, mzere wofiira umakafika pabwalo penipeni. Mukatera ku Madeira, kukafika mu Funchal ndi makilomita pafupifupi 20, mphindi 20 kapena 25 pagalimoto, ndipo pali basi ya Aerobus ngati mnzanuyo atatanganidwa ndi zokonzekera.

Kamnyamata ka ku Porto: Ndipo musadabwe mukaona dzina la Cristiano Ronaldo pabwalopo. Analitcha dzina lake mu 2017, kwawo ndi ku Funchal komweko.

Achimwene a ku Joni: Mukafika mukafunse milho frito. Abwana anga aja ankatiphikira pa Khirisimasi. Ndi ufa wa chimanga wophika ngati nsima yolimba, amaikamo timasamba, ikazizira amaidula timabokosi n'kukazinga m'mafuta. Tsiku loyamba kuilawa ndinakumbuka mkute wa kwathu ku Ntcheu, mpaka ndinawaimbira amayi usiku womwewo.

Make Tadala: Abale anga, ndabweranso. Dzulo ndinalankhula ndi mkulu wa wodi yathu, wavomera kuti ndisinthane ndi mnzanga, ndidzalowe Lachitatu usiku m'malo mwa Lolemba m'mawa. Ndiye ulendo uli motere: London kupita ku Lisbon Lolemba, masiku atatu kwa msuweni wanga, Lachinayi m'mawa ya ku Funchal ndi chikwama changa chonse, ukwati Loweruka, kenako Lolemba yolunjika ku Gatwick. Pa fomu ya viza ndi pa inshuwalansi ndalemba mpaka Lachisanu la sabata imeneyo. Tsiku lokapereka mafomu ndapeza la mwezi wamawa. Mnzanga uja nditamuuza kuti ndifika Lachinayi anasangalala, akuti azakhali ake a ku Venezuela nawonso anawauza kuti asayerekeze kufika Lachisanu.

A Wa ku Angónia, msuweni wanga akuti amakudziwani, mumapemphera tchalitchi chimodzi. Ndikafika ku Lisbon ndidzakubweretserani ufa woyera ndi usipa zomwe amayi ananditumizira.

Wa ku Angónia: Usipawo musiyeni ku London achemwali, za nsomba ndi nyama pachipata zimavuta, mungachedwe nazo. Ufawo bweretsani, ndiwo tidzagula konkuno. Mundiuze nambala ya ndege yanu ya Lolembalo, ndidzabwera ndi msuweni wanuyo kudzakuchingamirani ku Terminal 1.